Manga wa ku Japani ndi Khutu Langa

Mawu amodzi okha ndi amene anandigwetsera m'dzenje kuno ku Amereka, ndipo ndi Chichewa chenicheni chimene ndinayamwa kwa mayi anga. Manga. Munthu wa kwathu ukamuuza kuti manga, amatenga luzi, kapena njerwa, kapena ngati ndi wapolisi amatulutsa unyolo. Ndani akanandiuza kuti kutsidya lina la dziko kuli anthu amene anatola mawu athuwo n'kuwapatsa ntchito ina osatipempha n'komwe?

Ine ndinali wolemba zikwangwani ku Limbe. Sukulu ndinalekezera Sitandade faifi, koma amene anafika Folomu folo ankabwera kwa ine kuti ndiwalembere pakhoma, chifukwa zilembo zawo zinkayenda ngati nkhuku yoledzera masese. Mitu ya anthu ometedwa bwino pa malo ometera, ng'ombe yonenepa pa butchala imene inkagulitsa mafupa okhaokha, mayi womwetulira atanyamula buledi pa golosale, zonsezo ndi dzanja ili. Palibe anandiyitanapo kuti katswiri. Ankati "uja wa masaini," ndipo ankandiyitana ndi mluzu.

Akazi anga atamwalira, mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku South Bend, anandiyitanitsa kuti ndizikhala nawo. Anandipatsa chipinda chapansi pa nyumba, kuno amati besimenti, kumene kuwala kumalowera pa kawindo kofanana ndi chivindikiro cha ndowa. Mwini nyumba ndi apongozi anga, amuna a mwana wangayo. Amagwira ntchito yoyeza magazi ku chipatala, ndipo ku mpingo wathu wa Amalawi ndi mkulu wa mpingo. Munthu wosamwa, wosasuta, woseka pa Khirisimasi pokha. Kwathu amati mkamwini asakule mwendo, koma kuno mwendo ndi wawo, denga ndi lawo, ngakhale kutentha kwa m'nyumba amakhazika ndi chala chawo pakhoma.

Chaka changa choyamba, chipale chitatseka khomo, ndinasowa chochita. Ndinapeza zitini za penti yotsala m'galaja, ndipo pakhoma la chipinda changa ndinajambula tambala. Tambala weniweni, wa lipombo lofiira, mwendo umodzi m'mwamba, woti ukam'yang'anitsa umayembekeza kuti alira. Apongozi anatsika, anaima, anavula magalasi. "Apongozi," anatero mwaulemu wonse, "zidole zotere zimatsitsa mtengo wa nyumba." Loweruka lotsatira anabwera ndi penti yoyera, n'kumukwirira tambala wanga kawiri. Ine ndinawagwirira chitini. Ndi mwambo umenewo, mpongozi sum'yankha.

Mdzukulu wanga anabadwira konkuno. Chichewa amamva, koma akamayankhula chimatuluka chopindikapindika, ndiye iye amaponya Chingerezi, ine Chichewa, timakumana pakati ngati ogulitsana mbuzi pamalire. Bambo ake anamutumiza ku yunivesite ku Indianapolis kukaphunzira za mankhwala, famasi. Anam'sankhira ali ndi zaka khumi, iye asanadziwe n'komwe kumeza panado osatafuna.

Tsiku lina masana anandiyimbira foni.

"Agogo, muli nokha?"

"Ndili ndi ndani nanga, mkazi wanga atandithawira ku Indianapolis?" Ndimam'tcha choncho kuyambira ali khanda, monga achitira agogo aamuna onse a kwathu.

"Agogo, musauze adadi. Ndasiya famasi. Ndikupanga manga."

"Kumanga?"

"Eya, manga!"

Apa ndi pamene tinasocherana. Kuno tonse timatenga mawu a Chingerezi n'kuwaveka ku- kutsogolo, kudiraiva, kushopa, kukomplena. Mwanayo anayesa kuti ndaveka ku- mawu ake monga mwa masiku onse. Ine ndinayesa kuti iye waiwala ku- monga amaiwalira zonse.

"Mumayidziwa, agogo?" anafunsa modabwa.

"Ndani saidziwa? Kwathu aliyense amamanga. Ine ndemwe ndinamangako ndili mnyamata."

"Ku Malawi? Zoona?"

"Nanga ukuyesa tinkagona mumtengo?"

Anaseka, osamva. Kenaka anati aphunzitsi ake ndi mayi wina wotchuka wochokera ku Japani, amene wabwera kudzaphunzitsa chaka chimodzi. Basi, ine kukayika konse kunatha. Ajapani si aja amamanga milatho kwathu? Si aja amapanga galimoto zosafa? Ndinati mwana wapeza aphunzitsi enieni, ndipo akuopa bambo ake pachabe.

Ndiye ndinachita nzeru, nzeru za ine. Ndinati apongozi ndikawauza m'nyumba akana, koma ndikawauza pagulu ameza. Lamulungu masana, mu holo imene timabwereka popempherera, itakwana nthawi ya maumboni ndinadzuka ndi ndodo yanga. Ndinayamika Mulungu chifukwa cha mawondo, chifukwa cha chipale chimene chinasungunuka, kenaka ndinati, "Abale, mdzukulu wanga wasiya kuwerenga mapiritsi. Tsopano akuphunzira zomangamanga, ndipo akumuphunzitsa Ajapani enieni!"

Nthungululu! Amayi anaimirira. Wina kumbuyo anakuwa kuti injiniya. Ndinayang'ana apongozi. Nkhope inali ngati ya munthu woluma mwala mu mpunga pa ukwati, koma anthu ankawagwira chanza, ndipo pang'onopang'ono mapewa anakwera. Pofika pa nyimbo yomaliza, nkhaniyo inali yawo. Ndinawamva akuuza munthu pakhomo kuti anali ataona kale kuti mwanayo ali ndi mutu wa masamu.

Atafika kunyumba anamuyimbira. Ndinamva mbali yawo yokha. "Agogo ako atiuza. Bwanji sunandiuze wekha? Ndiye mumajambula mapulani? Tsiku lonse? Chabwino, chabwino mwanangu. Ndakunyadira." Mwanayo anadzandiuza pambuyo pake kuti anafuna kukana, koma mawu akuti ndakunyadira anali asanawamvepo pakamwa pamenepo. Anangoti eya adadi, ndimajambula tsiku lonse. Limenelo silinali bodza.

Choona ndinachidziwa pa tchuthi chija amadya nkhukundembo. Anabwera kunyumba, ndipo ena ali kalikiliki ku khitchini, anatsikira kwa ine ndi chikwama chachikulu chaphwatalala. Anatseka chitseko.

"Agogo, mwandiyika m'mavuto. Anthu atatu anditumizira mameseji kuti ndiwajambulire nyumba za ku Lilongwe."

"Ndiye vuto n'chiyani? Ntchito ikukutsata usanamalize."

Anatulutsa kabuku kakang'ono, kokhuthala ngati njerwa, n'kundipatsa. "Manga ndi iyi."

Ndinatsegula. Zithunzi zokhazokha m'timabokosi, anthu a maso ngati kadzidzi, tsitsi ngati chinangwa chozulidwa kumene, mphuno kadontho. Ndinawerenga ndi maso kuyambira kutsogolo monga munthu wolongosoka. Ndinaona maliro, kenaka wakufayo akudwala, kenaka akuvina, pamapeto ndi kamwana.

"Ufiti uwu," ndinatero. "Munthu wauka."

"Mwayambira kumapeto, agogo. Amayambira kuno, kumanja." Anatembenuza bukulo.

Ndinaona holo ija, nthungululu zija, ndi pakamwa panga. Kenaka mkwiyo unabwera, ndipo poti unasowa kolowera unagwera pa mwanayo. Ndinati wasiya ntchito ya mankhwala chifukwa cha makatuni? Anthu opanda mphuno apuma bwanji? Iye anangoyala mapepala ake pabedi.

Ndinatenga limodzi n'kupita nalo pa kawindo. Munthu wina angayang'ane nkhope kapena nkhani. Ife a ntchitoyi timayang'ana mzere. Panali mzere wochokera pa phewa la mtsikana kutsika mkono wonse mpaka ku chala, wokoka kamodzi, wosaima, wosanjenjemera, wonenepa pa chigongono n'kuwonda ku nsonga. Ine zinanditengera zaka zambiri ndi mabodi ambiri owonongeka kuti mzere wotero undimvere. Mwa ana anga onse palibe anatenga dzanja langa. Linadumpha m'badwo n'kudzatera pa mwana wosatha kunena ndiwo bwinobwino.

"Ndiwauze adadi lero?" anafunsa.

Pano ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo ulendo uno khutu linalibe mlandu. Ndinayang'ana khoma loyera lija. Ndinati, "Usawauze. Maliza chaka kaye. Asiye azinyadira." Ndinam'namiza kuti ndikumuteteza. Choona n'chakuti zinkandikomera kuona munthu amene anakwirira tambala wanga akudzitama ndi zidole osadziwa. Ndinkatsika masitepe ndikuseka ndekha. Nkhalamba ya imvi, kusewera bawo ndi moyo wa mwana.

Chipale chitasungunukanso, kunabwera uthenga wakuti mayi wa ku Japani uja aonetsa ntchito zake m'nyumba ina yoonetsera zojambula ku Indianapolis, ndipo m'chipinda cham'mbali muikidwa za ophunzira ake. Mdzukulu anayitana ine ndi mayi ake okha. Koma mwana wanga sabisira mwamuna wake kanthu, ndipo apongozi atamva anati tonse tipita. Choipa koposa, anayitananso mkulu mnzawo wa mpingo, bambo wina wadazi amene ali ndi puloti ku Lilongwe, kuti akaone yekha ntchito ya injiniya asanam'patse ya nyumba yake.

Ulendowo ndi wautali, minda ya chimanga yosalimidwa mbali zonse, msewu wowongoka ngati waya. Nthawi yonseyo ndinali nayo yoti nditsegule pakamwa. Wadazi ankafotokoza za khonde limene amafuna, apongozi ankagwedeza mutu kuti mwana wawo akonza. Ine ndinadziyesa wogona. Pakamwa pamene panayankhula pa holo yodzaza panalephera m'galimoto ya anthu anayi.

Titafika, malo oimika galimoto anasowa. Apongozi anatitsitsa ine ndi mwana wanga pakhomo, iwo ndi wadazi n'kupita kukazungulira. Mdzukulu anatichingamira atavala zakuda. Atamva kuti bambo ake ali panja, anatembenukira kwa ine.

"Agogo, simunawauze?"

"Ndimati ndiwauze pofika," ndinatero, ndipo ndinalowa msanga kuti ndithawe maso ake.

Chipindacho chinali ngati tchalitchi chopanda mipando. Makoma oyera, magetsi olozera pa chithunzi chilichonse, anthu akunong'ona. Kutsogolo kunali chinsalu chachitali ngati basi, chogawidwa m'mabokosi monga m'kabuku kaja, koma kumbuyo kwake anamata golide wopyapyala. M'bokosi lina mtsikana wa maso akuluakulu ali m'sitima yodzaza. M'lina maso okhawo, aakulu ngati gudumu, ndipo mkati mwa diso mukuoneka anthu onse a m'sitima atagona choimirira. Pamwamba pa mitu panali timatumba tija toikamo mawu, koma tonse topanda kanthu.

Ndinayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza. Penti yosalala, yopanda mapazi a burashi. Mzere wakuda wokhuthala kuzungulira nkhope. Mtundu umodzi pa tsaya, wopanda mthunzi. Abale inu, imeneyo ndi ntchito yanga! Ndi mmene ndinkajambulira mitu ya pa malo ometera, chifukwa munthu wodutsa pa minibasi alibe nthawi yoona mthunzi. Zanga zinkakhala padzuwa ndi pamvula, oledzera akukodzera pansi pake, mwini sitolo akasamuka wina ankazisandutsa chitseko cha khola la nkhumba. Za mayi wa ku Japaniyu zili ndi mlonda wakewake. Mlondayo anabweradi, mnyamata wamkulu ngati nkhokwe, n'kundiuza kuti ndibwerere kumbuyo kwa mzere. Ine, wondiuza za mzere!

Ndili mkati motukwana chamumtima, mdzukulu anabwera ndi aphunzitsi ake aja, mayi wamfupi, wa tsitsi laimvi lometa ngati mwana wa sukulu, nsapato za mphira. Ndinayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali penti yakuda yosachoka ndi sopo. Pamenepo ndinam'patsako ulemu pang'ono. Anawerama. Ine ndinawomba m'manja ndi kupinda mawondo. Iye ataona anaweramanso kwambiri. Ine ndinapindanso. Tikanapitiriza mpaka kugona pansi, koma bondo langa linalira.

"Mufunse," ndinauza mdzukulu, "anthu akewa mphuno anazisiya kuti?"

"Agogo!"

"Funsa."

Mayiyo anaseka ataphimba pakamwa. Anayankha m'Chingerezi chake chodukaduka, mdzukulu akunditanthauzira. Anati kwa zaka zambiri ankajambulira magazini otuluka sabata ndi sabata, pa pepala lotchipa, ndipo munthu wothamangitsidwa choncho amasiya chimene sichinena kanthu. Mphuno sinena kanthu. Diso limanena zonse.

"Muuze kuti sanaone mphuno ya apongozi anga akakwiya."

Chimenecho mdzukulu sanatanthauzire. M'malo mwake anamuuza kuti ine ndinali wojambula zikwangwani. Mayiyo anasintha nkhope. Anandigwira dzanja lamanja, analitembenuza, n'kuyang'ana chala changa chaching'ono chimene chinapindika chifukwa chotsamira pa bodi. Anandionetsa chake. Chopindika chimodzimodzi. Anati magazini ake anthu ankawerenga m'sitima n'kuwasiya pampando, osesa n'kukataya. Anati atayamba kujambula pa nsalu zazikulu, a manga anamunena kuti wadzikweza, ndipo a nyumba zoonetsera anamunena kuti wabweretsa za ana m'malo a akuluakulu. Bambo ake anamwalira akuuza anansi kuti mwana wawo amagwira ntchito mu ofesi.

"Ndiye n'chiyani chinasintha?" ndinafunsa.

Analoza khoma. Anati dzanja ndi lomwelo, penti ndi yomweyo. Khoma ndi limene linasintha.

Ndinafuna kum'konda, koma mkwiyo unakana. Ndinaganiza kuti iwe khoma lako linasintha uli moyo. Langa analipaka penti yoyera.

"Zako zili kuti?" mwana wanga anafunsa mdzukulu. Mwana wangayo nthawi yonseyi ankangoyang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaona kuti wazindikira. Namwino sachedwa kuona matenda.

Tinalowa m'chipinda cham'mbali. Chojambula cha mdzukulu chinali chachitali, chopingasa khoma lonse. Ndinayambira kumanja monga anandiphunzitsira. Bokosi loyamba, holo yodzaza anthu a maso akuluakulu, amayi a maduku. Lachiwiri, nkhalamba ya ndodo yaima kutsogolo, kukamwa yasa. Pamwamba pake kathumba ka mawu, koma m'kathumbamo mukugwa njerwa. Mabokosi otsatira, njerwazo zikusanjikana kuzungulira mtsikana wokhala pansi ndi pensulo, kufika m'chiuno, m'khosi. Anthu akuwomba m'manja. Woomba kwambiri ndi bambo wa magalasi, wa kampata pakati pa mano. Bokosi lomaliza, khoma lathunthu lomangidwa bwino, ndi maso awiri pa kabowo.

Nkhalambayo anayipatsa mphuno. Yaikulu, yanga.

Kenaka ndinamva mawu a wadazi kumbuyo. "Koma nyumbazo zili mbali iti? Kunoku tangoona zidole." Analowa, apongozi ali pambuyo ndi makiyi m'manja. Wadazi anayang'ana khomalo, anayandikira, kenaka anagunda ntchafu.

"Aaa! Uyu si ine uyu? Dazi langa ili! Akulu, taonani, inu muli apa, mano anu awa!" Anaseka mpaka kutsamira khoma, mlonda n'kubweranso. "Ndiye injiniya wathu ndi ameneyu? Wamangadi, wamangadi!"

Apongozi sanaseke. Anawerenga kapepala kapambali pamene panali dzina la mwana wawo, limene ndi dzina lawo. Anayang'ana chithunzicho kuyambira kumanzere, ndiye kwa iwo mtsikana ankatuluka m'khoma, koma sindikhulupirira kuti anaona chilichonse kupatula mano awo, ndi azungu awiri amene ankawayang'ana iwo, n'kuyang'ana khoma, n'kumwetulira. Mayi wa ku Japani anabwera, anawerama, n'kunena kuti mwana wawo ali ndi dzanja losowa. Apongozi anayankha zikomo m'Chingerezi chosalala. Kenaka m'Chichewa, motsitsa, anati, "Tonse panja."

Pamalo oimika galimoto mphepo inkawomba mapepala. Apongozi anatsegula chitseko chakumbuyo.

"Lowa. Katundu wako tidzatenga tsiku lina. Ukayambiranso famasi ku South Bend, pamaso panga. Ine ndinabwera dziko lino ndi sutikesi imodzi, ndinatsuka zimbudzi za nkhalamba kuti iwe udzajambule zidole? Wandiyimika pakhoma kuti anthu azindiseka? Ukapanda kulowa m'galimoto muno, pakhomo panga usadzapondenso."

"Bambo a mwana, tikakambirane kunyumba," anatero mwana wanga.

"Iwe khala chete. Unkadziwa."

"Sankadziwa," ndinatero ine. "Ndinkadziwa ndine."

"Apongozi, izi ndi za m'banja mwanga."

Zaka zonse zimene munthuyu anakwatira mwana wanga, sindinam'tchulepo ndi kamwa lopepuka. Tinkapatsana inu ngati anthu opatsana mbale yotentha. Koma tsiku limenelo chinachake chinaduka.

"Iwe!" ndinakuwa. Wadazi anasiya kupukuta maso. "Iwe, ukuti zidole? Mkazi wakoyu anaphunzira unamwino ndi chiyani? Yunifolomu yake yoyamba inachokera m'chitini cha penti! Unapeza mkazi wophunzira, unayesa anagwa kumwamba? Unadya zipatso za zidole, lero ukutukwana mtengo! Wonama ndine, wa khutu lopusa ndine, amene anati tikubisire ndine. Ukufuna wothamangitsa, thamangitsa ine. Koma dzanja la mwanayu sunam'patse ndiwe, ndipo sulipaka penti yoyera!"

Ndinanena zina zimene sindingalembe, zokhudza mphuno yawo ndi kwawo kumene anachokera. Mwana wanga ankandikoka jekete akulira, "Bambo, chonde, bambo." Apongozi anangoima, nkhope itauma. Sanandiyankhe. Ngakhale pamenepo mwambo anausunga iwo, ine ndi amene ndinauswa, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ukulowa?"

Mdzukulu wanga, wobadwira ku Indiana, amene sanagwadirepo munthu chibadwire, anagwada pa phula lozizira ndi diresi lake lakuda. Anayankhula Chichewa chowongoka chimene sindinadziwe kuti ali nacho.

"Adadi, ndinakunamizani. Pepani. Koma sindilowa."

Chitseko chinatsekedwa. Tinam'siya akudzuka, akupukuta mawondo. Pakhomo la nyumba ija mayi wa ku Japani anali ataima, manja atawagwirizanitsa kutsogolo, ndipo galimoto ikudutsa anawerama. Ndinafuna kutsitsa galasi ndimuuze kuti weramira dziko lako, watitengera mwana. Koma sindidziwa batani lake.

Wadazi, poti ndi munthu wopanda manyazi, anakumbutsa kuti akazi ake anam'tuma nyama ya mbuzi ku masitolo a ku Lafayette Road. Tinaima. Anatsika yekha. Atatu tinakhala m'galimoto osayang'anana, injini ikulira, mpaka anabwera ndi jumbo yake. Pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva, ndipo ana ankanditsata kundifunsa ngati ndili ndi njerwa zina m'kamwa.

Sanandithamangitse. Bwenzi zili bwino akanatero. Amandipatsa moni m'mawa, "Mwadzuka bwanji apongozi," ndi ulemu wonona kuposa kale, ndipo china chilichonse chimadzera mwa mwana wanga. Auzeni bambo anu kuti chakudya chapsa. Auzeni bambo anu kuti azimitse getsi. Mwana wanga waonda. Amapita yekha ku Indianapolis akapuma ku ntchito, amabwera maso ali ofiira, ndipo sandiyankhula za kumeneko. Akuti ndinam'landa mwana ndi nthabwala zanga. Sindimutsutsa.

Mayi wa ku Japani anabwerera kwawo chaka chitatha. Mdzukulu akadali pa sukulu yake ya zojambula. Amakhala ndi atsikana anzake awiri kufupi ndi Speedway, kumene akuti mwezi wa mpikisano mawindo amanjenjemera ndi phokoso la galimoto, ndipo amagwira ganyu m'sitolo ya zakudya. Pakhomo pathu sanapondepo. Sanasiye kujambula.

Amandiyimbira Lamulungu lililonse tikabwera ku mapemphero. Kale ndinkayankhira kuchipinda kwanga. Masiku ano ndimakwera masitepe, ndimakhala pa tebulo la ku khitchini, n'kuyika foni pa sipika mpaka pamapeto penipeni. Ndinawauza kuti makutu afa, ndipo palibe m'nyumba muno angatsutse zimenezo. Ndimam'funsa mokuwa ngati akudya, ngati chifuwa chija chinatha, ngati nsapato zake zikulowa madzi. Iye amayankha, mawu ake n'kudzaza nyumba yonse. Apongozi amakhala pabalaza, kuseri kwa khoma, akuonera nkhani. Sabwera. Sanenapo kanthu. Koma foni ikangolira, wailesi ya kanema ija imatsika mawu, ndipo simakweranso mpaka mwanayo atatsanzika.